Kava Yofiira ya Amayi

Panali chinthu chimene ndinali ndisanauzepo munthu. Ndikaima pamaso pa munthu wachilendo, mawu amandithawa. Sikuti ndimachita chibwibwi ayi. Mawuwo amakhalapo, ndawakonza bwinobwino m'mutu, koma akafika pakhosi amakhala pansi n'kukana kudzuka. Kusukulu zinkabisika, poti mayeso salemba ndi pakamwa. Kunyumba ankangoti ndine mwana wofatsa. Nditakhoza mayeso omaliza, amayi anayamba kuuza aliyense kuti tsopano m'nyumba mwathu muli munthu wa Chizungu, ndipo achimwene anandipatsa dzina loti Profesa.

Amayi amagwira ntchito pamalo ochapira ndi kusita zovala, ndipo amaweruka mochedwa. Choncho mwezi ukatha ankapereka khadi lawo la kubanki kwa achimwene kuti akawatapire malipiro. Achimwenewo timawatcha a Mawa, chifukwa ukawafunsa za ntchito, za kumeta, ngakhale za kubweza chidebe cha eni, yankho ndi lomwelo: mawa. Koma mwezi ndi mwezi ndalama zinkabwera zoperewera. Sizinali zambiri, mwina zogulira sopo ndi mafuta ophikira. Amayi anapirira, anapirira, mpaka Loweruka lina anaima pakhomo la kukhitchini manja ali m'chiuno.

"Mwezi uno ukatha ukakhale kwa amalume ako," anauza achimwene. "Kugalaja kwawo ukaphunzira kuti ndalama imatuluka m'thukuta."

"Amayi, ine sinditenga ndalama zanu."

"Ndiye amatenga ndani? Makoswe a kubanki?"

"Makina otapira ndalama aja amandipatsa zimene zilimo. Kodi ndizikangana ndi khoma?"

"Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Manga chikwama."

Achimwene sanayankhe. Chimenecho n'chimene chinandiopsa. Chenji anatengapo kangapo, zoona, koma akagwidwa amaseka n'kuyamba nthabwala. Tsiku limenelo anangolowa m'chipinda, ndipo ndinamva akukoka chikwama kunsi kwa bedi.

M'mawa mwake amayi anandiponyera kafoni kawo ka mabatani.

"Profesa, kakuti kadzaza. Fufuta za Chizungu zonsezo, ndi otsatsa malonda okhaokha. Ine chala chatopa."

Ine sinditha kufufuta chinthu ndisanachiwerenge. Mauthenga ambiri analidi a malonda. Koma umodzi unkati ndalama zadulidwa ku akaunti yawo kulipirira inshuwalansi ya foni. Ndinatsika m'munsi, ndinapeza wina wofanana nawo wa mwezi wathawo.

"Amayi, munalembetsa inshuwalansi ya foni?"

"Inshuwalansi ndi ya anthu a magalimoto, mwanawe."

"Tsiku lija munagula foni yaikulu ija, anakufunsani chiyani?"

Foni yaikuluyo amayi anaigula kalekale, ine ndikadali pakati pa sekondale. Siinakhalitse. Inagwera m'beseni la sopo kuntchito kwawo, osayakanso. Kuyambira pamenepo ntchito yake inali yotsekereza zenera la kukhitchini kuti mphepo isamalimenyetse.

"Kamnyamata ka m'sitolo kaja kanandifunsa ngati ndikufuna kava," amayi anatero. "Ndinati eya, koma ikhale yofiira. Kanaseka, kanandipatsa pepala kuti ndisaine. Kava n'kundipatsadi. Si iyo ili pazenerayo?"

Ndinawafotokozera kuti anthu a inshuwalansi akati kava sanena chovala cha foni, amanena chitetezo cholipira mwezi uliwonse. Achimwene, amene ankamvetsera ali m'chipinda, anatuluka atagwira pamimba ndi kuseka. Amayi sanaseke.

"Ndiye kuti nthawi yonseyi ndakhala ndikulipirira chotsekera zenera?"

"Zikuoneka choncho."

"Zikuoneka. Ine za kuoneka sindidya. Lolemba mupite nonse kusitoloko. Iwe Profesa ukalankhule, si ndiwe wa Chizungu? Akavomera okha kuti ndi iwowo, ndikhulupirira. Apo ayi, chikwama chija chisamasulidwe."

Ndinafuna kunena kuti atume wina, koma ndinayang'ana achimwene, ndinaona kuti kuseka kuja kwatha ndipo maso awo ali pa ine.

Lolemba m'basi monse ndinkabwereza ziganizo zanga za Chizungu chamumtima. Sitoloyo inali yozizira, ya magalasi mbali zonse, mafoni atamangidwa ndi tizingwe pamatebulo. Tinaima pamzere. Titafika kutsogolo, mayi wa pakauntala, wa zikhadabo zazitali zopaka buluu, anakweza mutu.

"Ndikuthandizeni?"

Anafunsa m'Chichewa chomwechi. Ngakhale zinali choncho, nditatsegula pakamwa munangotuluka mpweya. Ndinayesanso. Kenaka ndinayamba kuwerenga timizere ta pakauntala.

"Ngati mwabwera kudzaona mafoni, ali uko," anatero bambo wina kumbuyo kwathu. "Enafe tili ndi ntchito."

Achimwene anandiyang'ana kamodzi kokha. Kenaka anatulutsa foni yakufa ija m'thumba, ndi kava yake yofiira yomwe inali itamatirira penti wa zenera, n'kuiika pakauntala.

"Achemwali, mwadzuka bwanji? Tabwera ndi maliro."

Anafotokoza nkhani yonse, ya kava, ya beseni, ya zenera, mpaka bambo wa kumbuyo uja anayamba kuseka. Mayi wa pakauntala anamwetulira, anagogoda pakompyuta ndi nsonga za zikhadabo, kenaka anapukusa mutu.

"Mayi anu anasaina okha. Chomwe ndingachite n'kuimitsa kuyambira lero. Zakale zinapita, madzi akatayika saoleka."

"Nanga kutipatsa foni ina? Si inali pa inshuwalansi?"

"Mukanabwera itangowonongeka. Pano nthawi inadutsa."

Achimwene anayamba kukweza mawu, ndipo ndinaona mlonda wa pakhomo akutembenuka. Ndinadziwa kuti akatitulutsa, tibwerera kunyumba ndi nkhani yopanda mboni. Ndinawakoka malaya. Kwa iwo mawu amatuluka, bola ndinong'one.

"Afunseni kuti foniyi inayaka liti komaliza. Kompyutayo iyenera kudziwa."

Achimwene anawongola kolala. "Achemwali, tiuzeni, foniyi inayaka liti komaliza?"

Mayi uja anavula kava, anawerenga nambala ya kumbuyo kwa foni, anagogodanso. Nkhope yake inasintha pang'ono.

"Kalekale," anatero.

Ndinanong'onanso: "Ndiye nthawi yonseyi ankateteza chiyani?"

"Ndiye nthawi yonseyi munkateteza chiyani?" achimwene anabwereza, mokweza kuposa mmene ndinkafunira.

Mayi uja anandiyang'ana ine, osati iwo. "Kodi awa bwanji sakulankhula okha?"

Achimwene anati, "Awa ndi loya wanga. Salankhula ndi anthu wamba, amadula."

Mzere wonse unaseka, ngakhale mlonda. Ine ndinafuna pansi patseguke. Mayi uja ananyamuka ndi foni yakufayo, analowa m'kachipinda ka abwana ake. Anakhalitsa. Achimwene anasiya nthabwala, ankangogudubuza kava yofiira ija m'manja.

Atatuluka anati, "Miyezi imene foni inkayaka sitibweza, poti inali yotetezedwadi. Koma kuyambira pamene inazima, tibweza zonse ku akaunti sabata lisanathe. Ndiyenera kumva kaye mawu a mwini wake."

Anaimbira amayi n'kuika foni poti tonse timve. Kumbali inayo makina ochapira ankalindima.

"Eya, ndine," amayi anakuwa. "Kava ndinalandira, yofiira. Zinazo sindikuzidziwa."

"Tamva, mayi. Tiimitsa, ndipo ndalama zina tikubwezerani."

"Dikirani kaye. Ndiye kuti amene ankadula mwezi ndi mwezi ndinuyo?"

"Ndife, mayi."

"Osati mwana wanga?"

"Ayi, mayi. Zinkadulidwa malipiro anu akangolowa, munthu asanazikhudze."

Kunangomveka makina okha. Ndinaganiza kuti foni yaduka. Kenaka amayi anatsokomola.

"Ali pompo?"

"Ali pano onse awiri."

"Muuzeni agule buledi pobwera. Wamkulu. Chenji asunge."

Achimwene anatembenukira kukhoma, ngati akuwerenga mitengo ya mafoni. Anakhala choncho kanthawi, ndipo ine sindinawayang'ane kumaso.

Panja dzuwa linali litakwera. Tinayenda kudutsa osoka nsapato ndi ogulitsa machaja. Titafika pagolosale ina, achimwene anapisa m'thumba n'kundipatsa ndalama zotsala pa za basi zimene amayi anatipatsa.

"Lowa ukagule buledi wa amayi, Profesa. Ine pakamwa pauma, ndalankhulira anthu awiri lero. Kodi Chizungu chija chinatsala m'basi?"

Ndinasuzumira mkati. Munali wogulitsa mmodzi yekha, bambo wachikulire wa magalasi, akusanja zitini. Ndinafinya ndalama ija m'dzanja.

"Achimwene," ndinatero, "ine ndimaopa anthu. Si lero lokha. Ndikaima pamaso pa munthu amene sindimudziwa, mawu satuluka, kaya a Chizungu kaya a Chichewa. Kusukulu sindinakwezepo mkono. Amayi akandituma kumsika ndimangoloza ndi chala."

Ndinadikira kuti aseke. Sanaseke. Anandiyang'ana, anayang'ana bambo wa zitini uja, kenaka anandigwira paphewa.

"Tiye tilowe tonse," anatero. "Iwe ukangoti buledi. Zamoni ndi zachenji ndimaliza ine."