Aphungu Aleka Kuperekeza Alendo

Chitseko anakhala pampando manja ali m'thumba, maso ali pakhoma. Dzinali anam'patsa ndi mayi ake, chifukwa chichokereni bambo ake pakhomo, mnyamatayu sankatuluka m'chipinda osamenyetsa chitseko. Aphungu, mayi amene ankamva mavuto a achinyamata pachipatala cha m'deralo, anamufunsa za kusukulu. Anangoti duu. Anamufunsa za mpira. Duu.

Aphungu ankadziwa pamene panapsa. Zinawatengera miyezi kuti mwanayu atsegule pakamwa, ndipo atatsegula anawauza chinthu chimodzi: Loweruka lililonse ankazemba kupita kugalaja kwa bambo ake, kumene ankaphunzira kuwotcherera zitsulo. Mayi ake sankadziwa.

Tsono Aphungu anali munthu woleredwa bwino, wa uja salola mlendo kutuluka yekha. Sabata yathayo anawaperekeza mayi a Chitseko mpaka pageti. Mayiwo analira kuti mwana wawo wayamba chamba, poti Loweruka amasowa n'kubwera maso ali psuu. Chifundo chinawagwira Aphungu. "Si chamba, mayi," anatero. "Kumene amapita ndi kwa magazi ake." Basitu, mawu ochepa chabe. Koma mayiwo sanali mwana. Loweruka anakatulukira kugalaja, nakalalata mpaka makasitomala kubalalika. Bambowo anauza mwana wawo kuti asadzapondenso pamenepo.

Tsopano Aphungu anaona kuti mafunso ozungulira angowonjezera ukali. Anakokera mpando wawo pafupi.

"Ndine ndinawauza mayi ako," anatero. "Sindinatchule galaja, koma ndinawatsina khutu. Ndinalakwa."

Chitseko anatembenuka. "Munati za muno zimathera muno."

"Ndinatero. Ndinati ndingaulule pokhapokha moyo wako uli pachiswe. Sunali pachiswe."

"Nanga munaululiranji?"

"Ankalira, ine n'kufuna kuwatonthoza. Ndinawatonthoza ndi chinthu chako, chosakhala changa."

"Ndinakuonani pawindo," mnyamatayo anatero. "Munawagwira paphewa. Inu akuluakulu mumamvana nokhanokha. Ife timangokhala nkhani yocheza pageti."

Mawuwo anawalasa Aphungu, ndipo anachita manyazi kwabasi. Sanadziteteze.

"Madzi akatayika saoleka," anatero. "Bambo ako sindingakubwezere lero. Ukafuna phungu wina, ndikupezera, ndipo sindikwiya."

"Kuti nayenso akaperekeze?"

Nthawi itakwana, mayi a Chitseko anagogoda n'kulowa. Anapereka moni, anakonza chikwama chawo paphewa, naima pakhomo kudikira monga mwa masiku onse. Miyendo ya Aphungu inafuna kudzuka yokha. Anaikaniza.

"Mayi, kuyambira lero sindizikuperekezani. Mukakhala ndi funso, muzifunsira muno, mwiniwake akumva."

"Aa! Ndiye mwayamba kundithamangitsa ngati nkhuku?" mayiwo anadabwa. "Mwanayu ndinabala ndine. Za iye ndizimva kwa ndani?"

"Kwa iye, akafuna."

"Iyeyu? Pakamwa pake pamafunika kiyi!"

"Kiyiyo anandibwereka kamodzi, ine n'kuitaya pageti," Aphungu anayankha.

Mayiwo anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ananong'ona zoti maphunziro amatha ulemu, kenako anatuluka nsapato zikulira m'khonde monsemo. Aphungu anakhalabe pansi. Chibadwire anali asanamusiyepo munthu wamkulu kuti apite yekha, ndipo zinawawawa.

Chitseko anaimirira. Anapita pawindo, nayang'ana mayi ake akudutsa pabwalo okhaokha mpaka kutuluka pageti. Anachedwa pamenepo ndithu. Kenako anacheuka n'kuwapeza Aphungu ali pomwe anawasiya, manja ali pamaondo.

Sanatsanzike. Anatuluka n'kumenyetsa chitseko mwakuti kalendala ya pakhoma inagwa. Aphungu anawerama kuitola, akuganiza kuti mwana uja wapita ndipo sadzamuonanso.

Chitseko chija chinatsegukanso pang'ono, mutu wa mnyamatayo n'kusuzumira. Anachigwedeza uku ndi uku, akuyang'ana m'mwamba mwake ndi diso la mmisiri.

"Mahinjesi awa amasuka," anatero. "N'chifukwa chake sichitsekeka bwino. Aliyense wodutsa akhoza kumva za muno."

"Nanga titani?"

"Bambo anandiphunzitsa. Lachinayi ndibwera ndi sikuludalaiva."