Udzu wa pa Nazale

Banja lonse linali pakhonde kudya chakudya cha masana pamene Bambo anayambanso nkhani yawo ija.

"Mwaiona nazale ya apongozi athuwa? Ine chikhalireni pakhomo pano sindinaonepo mbande za tomato zobiriwira chonchija."

Mayi anapitiriza kutafuna, maso ali m'mbale. Kwa zaka makumi atatu dimba la kuseri kwa nyumba linali lawo. Ndiwo ankadziwa tsiku lofesa, ndipo anansi akafuna mbewu ankagogoda kwa iwo. Koma chibwerereni mkazi wa mwana wawo, pakamwa pa Bambo pankangotuluka "apongozi, apongozi."

"Ndi udzu chabe, bambo," mpongoziyo anatero mwamanyazi. "Ndimauyala pakathandala pamwamba pa mbande, ndiye tsiku lililonse ndimachotsako pang'ono kuti zizolowere dzuwa. Sabata yamawa ndiwokera."

"Mwamva, amayi?" mwana wawo anaseka. "Kalembetseni sukulu kwa mpongozi wanu. Yunifolomu ndikugulirani ine."

Onse anaseka. Mayi anasekako ndi mano okha.

"Ife timafesa poyera, mbande n'kukula," anatero. "Zofunditsa tomato bulangete ngati khanda tikuzionera ukalamba uno."

"N'chifukwa chake zanuzo zikuoneka ngati zangotuluka m'chipatala," Bambo anayankha akusamba m'manja.

Atatha kudya, mwana wawo anabwerera kuntchito, Bambo anapita kukaona mnzawo wodwala, mpongozi anabereka khanda lake ulendo wa kusikelo. Mayi anatenga tsache. Anasesa bwalo, anasesa pansi pa mtengo wa mandimu, mpaka anapezeka ali kudimba.

Nazale ziwirizo zinali moyandikana. Yawo inali ndi mbande zazifupi, masamba otuwa, tsinde lofiirira. Ya mpongozi inali yothithikana, masamba ofewa ngati khutu la mwana. Mayi anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Udzu wotere umaitana chiswe," anadziuza. "Mwinanso njoka. Pakhomo pali khanda pano."

Anakokolola udzu wonse pakathandala paja, nauphatikiza ndi zinyalala zimene anasesa, nayatsa. Inali nyengo yotentha, dzuwa lili paliwombo, kopanda ndi kamtambo komwe. Iwo anakalowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Dzuwa litapendeka anasuzumira pawindo. Mpongozi anali atagwada panazale yake, khanda lili kumsana, akuwaza madzi ndi dzanja. Mbande zonse zinali zitagona pansi ngati zathiridwa madzi owira. Mtsikanayo anayang'ana mulu wa phulusa, anayang'ana kunyumba, kenaka anapitiriza kuwaza. Mayi anachoka pawindopo. Ankayembekeza kuti mtima uphwa, koma unangolemera.

M'mawa mwake mawu a Bambo anamveka kuchokera kudimba.

"Taonani kuno! Wachita zimenezi ndani?"

Mayi anafika akumanga mpango. Mbande zija zinali zitauma, zosadzukanso ngakhale imodzi. Mpongozi anaima chapatali ndi keni yothirira.

"Ndine, bambo," anatero. "Ndinafulumira kuchotsa udzu."

Sanayang'ane Mayi ngakhale pang'ono.

Bambo anapukusa mutu. "Nzeru za masiku anozi nazo! Dzuwa la tsiku limodzi basi, zonse psiti? Taonani za amayi anuzi, zili chilili. Akazi anga, ndinakulakwirani dzulo. Dimba ndi lanu ndithu, ife tingophunzira."

Mawu amenewa Mayi anali atawadikira miyezi isanu. Tsopano atafika, anawawa ngati tsabola m'maso.

"Amayi," mpongozi anayandikira, mawu ali pansi, "mabedi ndinakonza kale, manyowa ndinathira. Mungandigawireko mbande zanu pang'ono? Ngakhale zotsalira."

Mayi anamulanda keni ija, nathirira nazale yawo mpaka dothi litafewa. Kenaka anagwada n'kuyamba kuzula ndi kamtengo, mbande iliyonse ndi dothi lake kumizu. Zonyozoloka ankazidumpha. Ankasankha zonenepa zokhazokha, n'kumaziika m'beseni la mpongozi.

"Amayi, zakwana. Inu mutsala ndi chiyani?"

"Gwira beseni, usandiphunzitse kuwerenga." Anazulanso zina zitatu. "Ukaziike pamthunzi. Tidzawokera limodzi madzulo, dzuwa likapepa."

"Mwaona mtima wa amayi anu?" Bambo anatero, manja ali kumbuyo. "Munthu wopatsa ngati ameneyu simungamupeze."

"Inu bambo, tapitani mukamwe tiyi," Mayi anatero osadzutsa mutu. "Mukutiimira padzuwa."

Bambo anachoka akung'ung'udza. Awiriwo anatsala chogwada, wina akuzula, wina akulandira, osayang'anana.