Wonga wa Basela

Chikumbutso anapatsira bambo ake mfuti yachitatu. A Fryson anailandira ndi manja awiri, n'kuinyamula m'mwamba ndi pansi ngati akuyesa kulemera kwa nkhuku pamsika, kenako anaibweza patebulo lagalasi.

"Iyi ndi ya ana asukulu," anatero. "Nanga chipolopolo chake chili kuti?"

Mayi wogulitsa m'sitoloyo sankamva Chichewa, koma nkhope anaimva. Anatulutsa kachipolopolo kotalika ngati chala chaching'ono n'kukaika m'dzanja la mkuluyo. A Fryson anakapapasa, anakayandikitsa kumaso mpaka kugunda mphuno, n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Chiku, iwe, kameneka n'kophera mbewa?"

"N'kophera mbira, Ababa. Mbira za kuno sizilola kuziyandikira. Mumaiwombera ili uko, mtunda wa mabwalo awiri a mpira."

"Aa! Ndiye ulenje wake ndi umenewo? Nyama osaimva ndi fungo lomwe?"

Chikumbutso anaseka nawo, koma mfuti imene inatuluka m'sitolomo inali yomweyo. Zikuluzikulu zija zimakankha ngati bulu, ndipo phewa la bambo ake linali litatsala mafupa okhaokha. Komanso kunena zoona, chimene ankachifuna kwenikweni sinali mfutiyo. Linali galasi loonera patali limene amalimangirira pamwamba pake.

A Fryson anabwera kuno kutsidya kwa nyanja kuchokera ku Mchinji chifukwa cha maso. Dokotala wa ku Rockville anawayeza, anawayezanso, kenako anamuitanira Chikumbutso pambali n'kumuuza kuti abwera mochedwa. Diso lamanzere linali litatheratu. Lamanja linkatsekeka pang'onopang'ono kuchokera m'mbali, ndipo pofika chaka chamawa sipadzakhala chotsala. Munthu amene kwa Mkanda konse ankamutuma kukalondera chimanga usiku ndi mfuti ya gogodela, amene nguluwe zinkamudziwa ndi mapazi omwe, tsopano ankafufuza kapu ya tiyi ndi zala.

Ndipo Chikumbutso anali asanasakepo nawo ngakhale tsiku limodzi. Ali mwana akapempha, yankho linali limodzi: "Iwe gwira pensulo." Pensulo anaigwiradi, inamufikitsa ku Germantown kumene ankagwira ntchito yoyeza mankhwala m'famase. Tsopano ankafuna chinthu chimodzi chokha, choti bambo ake awombere kamodzi, iye ali pambali pawo, diso lija lisanatseke.

Malo analipo. Bruce, mzungu wachikulire wolima soya kufupi ndi Poolesville, anawapatsa Chikumbutso ndi mkazi wake Lenifa kachigawo ka munda koti azidzalapo chimanga chakumudzi ndi nkhwani. Munda wonsewo unkavutika ndi tinyama timene eni dziko amati groundhog, timene a Fryson atangomva kufotokoza kwake anati ndi mbira zodya bwino basi. Zinkakumba mauna oti thirakitala kuthyoka mwendo, soya zinkameta, nkhwani za Lenifa osasiyako ndi tsamba lomwe. Bruce yemweyo ndi amene anamuphunzitsa Chikumbutso kudzipangira zipolopolo, ati zogula sizipita pamene wazituma.

Lachisanu masana anakhala awiri m'galaja. Patebulo panali sikelo yaing'ono, chitini cha wonga, ndi tizigoba tamkuwa ta zipolopolo toimikidwa m'matileyi awiri. Chikumbutso anatilemba kumatako ndi cholembera, tofiira ta bambo ake, takuda take, kuti adzathe kudziwa kuti chipolopolo chawomba mbira ndi cha ndani. Kenako anayamba kuyeza. Wonga pang'ono pasikelo, kudikira manambala akhazikike, kuchotsako kanjere kamodzi, kudikiranso, kuthira m'chigoba.

A Fryson anapirira mpaka chigoba chachisanu.

"Koma iwe ndiwe woumira, eti? Ukuyeza ngati mankhwala a mwana wakhanda."

"Ndi mmene zimakhalira, Ababa."

"Ife tinkathira m'dzanja. Apa." Anatambasula chikhatho n'kuloza pakati. "Ukadzaza apa, wakwana. Ndiye umatsina pang'ono, n'kuwonjezera basela. Mfuti yopanda basela imalira ngati ili ndi njala."

Basela a Fryson ankamuika paliponse. Akamagawa mtedza wokazinga, aliyense ankalandira dzanja lodzaza kenako kadzanja kena pamwamba. Akamamuthirira Lenifa shuga mu tiyi, supuni yomaliza inali yosapempha. Malemu mkazi wawo ankagulitsa nyemba pamsika wa Kamwendo, ndipo ankati mwamuna wawo akangokhala pabenchi tsiku limodzi, phindu lonse limapita ndi makasitomala.

Apa m'pamene Chikumbutso akanalankhula. Mawu anali pakamwa: wonga wa gogodela ndi wina, uwu ndi wina. Wakale uja umakhululuka, uwu ayi. Kungotsina pang'ono n'kuwonjezera, mfuti ikhoza kuphulikira kumaso kwa mwini wake. Koma anayang'ana dzanja lotambasuka lija, lokhala ndi zipsera za wonga za zaka makumi ambiri, ndipo anachita manyazi. Iye, wogwira pensulo, aphunzitse bambo ake za mfuti? Anangoseka n'kupitiriza kuyeza.

Atamaliza kuthira m'zigoba zonse, Lenifa anaitana kuchokera kukhomo.

"Bambo a kunyumba, tasunthani galimoto yanu, mwanditsekera. Ndachedwa ku shift."

Chikumbutso anatuluka. Pobwera anapeza bambo ake atakhala pomwe anawasiya, manja pamaondo, akuimba kanyimbo ka m'mphuno. Anatseka zigobazo ndi mitu yake, a Fryson akumupatsira umodziumodzi, ndipo tsiku limenelo Chikumbutso anamva kukoma kumene sanakumvepo chibadwire.

Loweruka m'mawa kunja kunali kozizira pang'ono, masamba a soya atayamba chikasu. Bruce anawatsogolera kumapeto kwa munda kumene anaikako tebulo lathabwa ndi matumba amchenga ogonekapo mfuti. Anawagwira chanza a Fryson ndi manja awiri, monga anamuphunzitsira Lenifa, n'kunena kuti wamva zoti iwo ndi katswiri. Chikumbutso anamasulira. Mkuluyo anawongola khosi.

Chikumbutso anawakhazika pampando, anawaika mfuti paphewa, analowetsa chipolopolo chofiira n'kutseka. A Fryson anavutika kupeza galasilo ndi diso. Anasuntha mutu uku ndi uku akung'ung'udza kuti mukungooneka mdima. Kenako anangoti zii.

Kutali, m'mphepete mwa mpanda, mbira inali itatuluka kuuna. Inaima ndi miyendo yakumbuyo, manja pachifuwa ngati mkulu wa mpingo.

"Chiku," anatero a Fryson monong'ona. "Ndikuiona."

"Mukuiona, Ababa?"

"Ndikuiona yonse! Ikutafuna. Ndi ndevu zomwe ndikuziona, zoyera kunsonga. Mayo ine, ndikuona!"

Misozi inamulengeza Chikumbutso. Bruce anavula chipewa, osamva mawu koma akumva zonse. Chala cha mkuluyo chinayenda pang'onopang'ono kufunafuna pokokera, mpweya anaugwira monga ankachitira m'minda ya kwa Mkanda. Ndiye, diso likadali pagalasi, anamwetulira.

"Lero umva kulira kwa mfuti. Wonga wako uja unachepa. Dzulo utatuluka ndinathiramo basela."

Chikumbutso sanaganize. Anangoona nkhope ya bambo ake itatsamira pachitsulo, diso lawo limodzi lotsala lili pafupi ndi pamene moto ungatulukire. Anadumpha, anakankha dzanja lawo, anatsegula mfuti chipolopolo n'kugwera mu udzu, kenako anaizula m'manja mwawo. Mpando unapendekeka. A Fryson anagwira tebulo kuti asagwe.

Zikanathera pomwepo, bwenzi zili bwino. Koma mantha akatuluka m'thupi amatulukira pakamwa.

"Mwapenga? Mukufuna kufa? Kuno si kwa Mkanda! Izi si za gogodela zanu zija, simukuzidziwa izi! Ndani anakuuzani kuti mukhudze?" Anatembenukira kwa Bruce. "He put extra powder in. By hand! Can you believe it?"

Chingerezi a Fryson sankachidziwa kwenikweni, koma munthu amadziwa akamanenedwa. Anaona chithunzithunzi cha mzungu uja akupukusa mutu. Manja awo anatsala m'malere mmene anagwirira mfuti, kenako anawatsitsa pamaondo.

"Pepani, bambo," anatero kwa mwana wawo. Mbira inali italowa kale.

Chikumbutso anapepesa m'galimoto, anapepesanso kunyumba. Anafotokoza tsopano zonse zimene akanafotokoza Lachisanu, za wonga wakale ndi watsopano, za mfuti zimene zinaphulikira anthu. A Fryson ankangoti, "Wachita bwino. Wandipulumutsa." Ndipo zinali zoona, n'chifukwa chake zinkapweteka. Chikumbutso anagula zipolopolo za m'sitolo n'kuwapempha kuti abwerereko Loweruka lotsatira. Iwo anati mwendo ukuwawa. Loweruka linalo anati kukuzizira. Kenako anamuitana Lenifa.

"Apongozi, tandikonzerani ulendo. Mvula yayandikira, munda ukundidikira."

"Munda uti, Ababa? Si akulima alamu?"

"Akulima, koma mwini wake azikhalapo."

Lenifa anamupeza mwamuna wake kukhitchini n'kumuuza mosabisa. "Kuwalanda mfuti sanadandaule nako. Koma pamaso pa mzungu, inu? Mpaka kuwanenera m'Chingerezi?" Chikumbutso anawaperekeza bambo ake kubwalo la ndege la Dulles masamba a mitengo akugwa.

Mabokosi awiri a zipolopolo zija, la zofiira ndi la zakuda, anawatsekera m'kabati yachitsulo ndipo sankafuna n'kuwaona komwe. Anali Bruce amene anamukumbutsa, chisanu chitayamba, kuti zinthu zotero sasunga. Azimasule, wonga autaye, mwina tsiku lina angadzaiwale n'kuziika mumfuti.

Anakhala yekha m'galaja Lamulungu atachoka kutchalitchi. Anayamba ndi zofiira. Anazula mutu wa choyamba, chija anatola mu udzu, n'kukhuthulira wonga pasikelo. Chizolowezi cha ntchito basi, sankafuna kudziwa kanthu. Manambala anakhazikika pa muyezo wake weniweni. Anakwinya nkhope. Anazula chachiwiri, chimodzimodzi. Chachitatu, chachinayi, mpaka bokosi lonse linatha. Munalibe kanjere ngakhale kamodzi kowonjezera.

Anatsegula bokosi la zakuda, zake zija. Choyamba chinapitirira muyezo. Chachiwiri chinapitirira. Zonse, chilichonse ndi katsinidwe kake, kofanana ngati kuti zala zija zinali ndi sikelo yakeyake.

Chipolopolo chimene chinali mumfuti tsiku lija chinali chabwinobwino. Akanangogwira dzanja lawo n'kufunsa kuti mwathira muziti, bwenzi atawomba.

Anaimba foni ku Mchinji. Anayankha mlongo wake Eleanor, amene anamuuza motsitsa mawu kuti masiku ano bambo akuyenda ndi ndodo, ndipo munthu amamuzindikira akalankhula. Kenako anawapatsira.

"Ababa, ndamasula zipolopolo zija."

"Eya."

"M'zofiira munalibe basela."

"Zofiira si zinali zanga?" Mawu awo anali odabwa, ngati wafunsa chinthu chodziwa ndi mwana yemwe. "Ndikanadziikira bwanji ndekha? Ine ndinkangofuna kuwomba kamodzi. Wotsala ukusaka ndi iweyo."

"Bwanji simunanene?"

"Unali utakwiya. Komanso ndinalakwadi, si ndikanakupha? Usiku ndimaganiza zimenezo."

Chikumbutso anatseka pakamwa ndi dzanja. Ankafuna kunena kuti wolakwa ndi iye, kuti adzawatumizira tikiti, kuti chaka chamawa adzapitanso kwa Bruce. Koma onse awiri ankadziwa zimene ananena dokotala wa ku Rockville.

"Chiku, ukadali pomwepo? Mbira ija munaipha?"

"Ayi, Ababa. Kukazizira zimagona pansi. Zimatuluka chisanu chikatha."

"Isiye imeneyo, usaiwombere." Anapuma pang'ono. "Ndimaionabe, ukudziwa? Nkhope ya Eleanor sindikuionanso, koma iyo ndimaiona. Yaima, ikutafuna, ndevu zoyera kunsonga. Galasi lija unasankha bwino, mwana wanga."

Foni itaduka, Chikumbutso anakhala nthawi yaitali akuyang'ana mbale ya wonga woti akataye. Anatapako pang'ono n'kuthira pakati pa chikhatho chake, pamalo pomwe bambo ake analoza. Kenako anatsina kena ndi zala ziwiri, n'kukagwira m'malere, osadziwa woti amuikire.