Mapiritsi M'chitini cha Mabatani

Tsiku loonana ndi dokotala, Achemwali anadzuka mtima uli m'mwamba. Msewu wonse unkawaitana choncho, Achemwali, potengera mmene ankawaitanira mlongo wawo wamng'ono, telala wa pakona uja. Anamulera okha makolo atamwalira, ndipo mpaka lero, munthu wandevu kale, ankamuyankhira mafunso ngati mwana.

Chaka chatha mutu wa telala unasokonezeka. Anasiya kugona, ankamva mawu a anthu osaoneka, mpaka tsiku lina amuna anamugwira manja ndi miyendo, kumukweza m'galimoto ya kuchipatala iye akukuwa, "Achemwali, musandisiye!" Kukuwa kumeneko sikunachoke m'makutu mwawo. Analumbira kuti sizidzachitikanso.

Tsopano dokotala wa banja lawo anayamba kuona odwala pa foni, pa intaneti, nkhope kuonana. Telala ankaopa zimenezo, ati foni ili ndi diso. Zonse anachita ndi Achemwali: kumulembetsa, kusunga nambala yachinsinsi, kusankha tsiku. Koma sabata imeneyo telala anali atayambanso kutembenuka pamene palibe womuitana, milomo ikuyenda yokha. Dokotala akaona zimenezi, si galimoto ija ibweranso?

"Tamvera iwe," anatero akusesa tinsalu pansi pa makina osokera m'shopu ya telalayo. "Akakufunsa ngati ukugona, uziti eya. Mankhwala ukumwa? Eya. Mawu aja? Anatha. Usawonjezere kanthu, wamva?"

"Ndamva, Achemwali."

Anayedzamiritsa foni pa makina osokera, kumukhazika telala pampando, iwo n'kuima kumbuyo kwa foni kuti asaoneke. Nzeru zimenezo! Anaiwala kuti kumbuyo kwa telala kunali galasi lalikulu limene makasitomala amadziyang'anirapo poyesa zovala.

Foni inalira. Panaoneka mayi wa magalasi, mawu ake ofatsa.

"Muli bwanji, bambo? Tulo tikubwera?"

Achemwali anagwedeza mutu mwamphamvu.

"Eya," anatero telala, maso ali pa iwo.

"Nanga mawu aja munkamva?"

Achemwali anapukusa mutu, chala chikuvina m'mwamba.

"Anatha."

Dokotala anati, "Mayi amene mwaima kumbuyo kwa foni, ndikukuonanitu pagalasi. Khosi lipweteka ndi kugwedezako. Tengani mpando mukhale nafe."

Mayo ine! Achemwali anakoka mpando, kukhala m'mphepete mwake ngati mlendo, mumtima akuti basi, ndamuphetsa ndekha mwana wa mayi anga.

"Sindikukudzudzulani," anatero dokotala. "Koma wodwala wanga ndi uyu. Bambo, yang'anani ine. Mankhwala mukumwa?"

Telala anatambasula dzanja, kutenga chitini chakale chimene ankasungiramo mabatani, n'kuchikhuthulira patebulo, khuthu! Mabatani anamwazika, akuda, ofiira, oyera a malaya. Pakati pa oyerawo panali ena opanda mabowo. Achemwali anatola limodzi, kuliyang'anitsitsa. Linali piritsi. Anali ambirimbiri.

"Iwe! Si ndimakupatsa ndekha m'mawa uliwonse?"

"Mumandipatsa. Ndimamwa madzi okha, piritsi lili m'chikhatho." Anatembenukira ku foni. "Adokotala, ndikawamwa manja amanjenjemera. Ulusi sulowa pa singano. Kolala ya malaya a munthu inapita chammbali, anandiseka pamaso pa anthu. Telala wa manja onjenjemera ndi telala?"

"Musamutenge!" Achemwali anakuwa asanaganize n'komwe. "Chonde, adokotala, ndimuyang'anira ine, ndizimutsegula kukamwa, musatumize galimoto!"

"Dikirani, mayi. Bambo, mawu aja abweranso?"

"Abweranso."

"Akukuuzani kuti mudzivulaze, kapena muvulaze wina?"

Panja njinga inadutsa ikuliza belu. Maso a Achemwali anagwera pa sizasi yaikulu imene inali pafupi ndi dzanja la mlongo wawo, ndipo anachita mantha amene sanachitepo, chifukwa funso limenelo yankho lake sankalidziwa. Kwa nthawi yoyamba analibe chomuuza kuti anene.

"Ayi," anatero telala. "Amangonditukwana. Koma akuchuluka, ndipo ndikuopa."

Dokotala anati telala abwere kuchipatala mawa m'mawa adzamuone bwinobwino. Mankhwala alipo ena, kunjenjemera kwa manja kumatheka kuchepetsa, ndipo mawuwo akasintha usiku asadikire kucha, aimbe foni nthawi yomweyo. Za kugona kuchipatala sanalonjeze kanthu, anati akamuona ndiye adziwa.

"Koma mayi," anawonjezera, "akanapitiriza kunena kuti ali bwino, ndikanangomulembera mankhwala omwewa. Inu mukanakatenga, iye n'kumaponya m'chitinimo mpaka tsiku loti galimoto ija ibwerenso."

Foni inazima. Galimoto imene Achemwali ankaithawa, ndi iwo amene ankaiitana. Anayamba kusankha mapiritsi pakati pa mabatani, koma ankawapulumuka m'zala, kugwera pansi, kugubuduka mpaka pansi pa makina.

Telala anawayang'ana. "Achemwali, inu mapiritsi simumwa. Nanga manjawo akunjenjemeranji?"

"Usandiseke iwe," anatero, misozi ili mbwe. "Akakugoneka mawa?"

"Kaya. Inenso ndikuopa." Anawerama, kutola piritsi limodzi, kuliika m'dzanja lawo. "Mundiperekeze. Koma tikalowa, mukakhale pambali panga. Akandifunsa, ndikayankhe ndekha."

Achemwali anatsegula pakamwa kuti amuuze zokanena. Anatsekanso, n'kugwada kufunafuna mapiritsi otsala pansi pa makina.