Foni Yolira Kamodzi

Mafoni opanda nthambo atafika ku Nkhotakota, a Amiri anasiya geni ya mpunga nʼkutsegula kanyumba koimbira foni pafupi ndi msika. Kwa anthu ankati malonda a mawa ndi amenewo, popeza boma latsopano latsegula zitseko. Koma zoona zake nʼzakuti ankafuna kumva mawu a Rahila, mwana wawo mmodzi yekhayo, amene anathawira ku Blantyre ndi mwamuna yemwe iwo anamukana. Chimwalirireni mkazi wawo, mʼnyumbamo munali zii, ndipo madzulo ankadya okha. Nambala ya foniyo anapatsa dalaivala wina wa lole kuti akaipereke kwa mwanayo, ndipo dalaivalayo anabwera nʼkunena kuti yafika.

Foniyo inali ya kampani yakale, chinthu cholemera ngati njerwa, chosaonetsa nʼkomwe amene akuimba. Patapita masabata angapo inayamba khalidwe lachilendo. Lachisanu lililonse, a Amiri akangobwera ku mapemphero a Jumu'a, inkalira kamodzi kokha nʼkukhala chete. Akati aithamangire, ankapeza mulibe munthu. Zinkawapweteka kwambiri, poganiza kuti mwina ndi Rahila amene akudulidwa ndi makina ofooka.

Ndiye kunabwera Raston, wamalonda wa kampani yatsopano, wa taye ndi pakamwa potsekemera.

“Bambo, makina amenewa alibe kolowera,” anatero Raston. “Athu ndi a kakhadi. Mawu amamveka mbee, nambala ya woimba imaoneka, ndipo nsanja za mafoni tikumanga mpaka ku Dwangwa. Mtsogolomu muzidzatumiza ndi mauthenga olemba. A kampani yakalewa pakatha zaka zochepa atseka.”

A Amiri sanali munthu wogula chinthu mʼthumba. Anayerekeza mitengo, anafunsa za mabatire, anayenda ndi mafoni onse awiri mpaka ku mtsinje wa Bua kuti aone imene iyambe kutaya mawu. Pa zonsezi Raston sananame. Chimene mkuluyo sanafunse aliyense ndi cha kulira kamodzi kuja, chifukwa kufunsa kukanaulula amene ankamudikira. Safunsa anadya phula. Anapereka foni yakale, nambala yake nʼkufera pomwepo, ndipo analandira yatsopano.

Malonda anayenda, osanama. Asodzi ndi a mashopu ankaima pamzere. Koma Lachisanu linkadutsa popanda kanthu, ndipo dalaivala uja anali atasamukira msewu wina, moti panalibe wokapereka nambala yatsopano kwa Rahila.

Tsiku lina kunabwera Safiya, mayi wogulitsa usipa. Anaimba, foni inalira kamodzi uko, iye nʼkudula, nʼkukhala pabenchi.

“Mwadula bwanji musanalankhule?” anafunsa a Amiri mokwiya.

“Ndangobipa, bambo. Amuna anga ali ku Dwangwa, aona nambala, aimba okha.”

“Ndiye mwano umenewo?”

“Ayi, ndi mmene timachitira ife osowa. Wamngʼono amagogoda, wamkulu ndiye amatsegula. Ngakhale mwana amene akuopa kuyamba kulankhula amatero, kuti aone ngati kwawo akumufunabe.”

Posakhalitsa foni inalira, Safiya nʼkuyamba kuseka ndi mwamuna wake. A Amiri anatuluka panja nʼkukakhala pakhonde. Rahila sankadziwa kuti foni ya bambo ake sinkaonetsa nambala. Anagogoda Lachisanu ndi Lachisanu osayankhidwa, kenako tsiku lina anauzidwa ndi makina kuti nambalayo kulibenso.