Mbululu mu Ndowa Youma

Everlyn Mwanza, mlangizi wa zaulimi ku Mphuka, ankafuna kudziwa mbewu imene ingapirire dzuwa la ku Feira. Anadzala chimanga ndi mapira m'ndowa makumi awiri pansi pa denga la pulasitiki. Mbewu zitafika m'mawondo, ndowa khumi anazipaka penti yofiira: izi zisalawe madzi kwa milungu iwiri. M'mawa uliwonse ankaziika pa sikelo kuti aone madzi amene zataya, n'kuyeza msinkhu ndi rula, n'kuwerenga masamba opindika.

Mlonda wa ndowazo anali a Silvestre, msodzi amene anasiya bwato chifukwa cha msana. Ntchito yawo inali kuingitsa mbuzi basi.

Sabata yoyamba inatha chimanga cha m'ndowa zofiira chili biriwiri, osafota ngakhale tsamba limodzi. Everlyn anayamba kudziona ali ku Lusaka, akufotokozera akuluakulu za chimanga chosamva ludzu. Chomusokoneza chinali sikelo, chifukwa ndowa zoumazo zinkalemera m'malo mopepuka. Anabwereka sikelo ina kwa ogulitsa nsomba, nayonso inanena zomwezo.

Lachisanu anabwerera masana kudzatenga cholembera chimene anaiwala. Atasuzumira m'ndowa yofiira, anapeza dothi lili chinyontho, pamwamba pake kambululu kakuphiriphitha.

"Atate," anatero, "chimanga chopirira chilala ndikuchifunadi, koma chobereka mbululu sindinachimvepo."

A Silvestre anayamba ndi kunena kuti mwina ndi mame. Kenaka anati mwina mbalame yagwetsa. Pomaliza anavula chipewa n'kuvomera kuti mlangizi akangopalasa njinga, iwo ankatsika ku Zambezi ndi chigubu.

"Mwanangu, mtsinje uli apa, mbewu ikulira apa. Ine ndikhale pakati ndizingopenya? Tchimo limenelo ndikaliulula bwanji kutchalitchi ku Katondwe?"

Everlyn anayesa kukwiya koma phwete linamuposa. Anawafotokozera kuti ndowa khumi zikuzunzika dala kuti anthu adziwe chodzala mvula ikadula. Mkuluyo anagwedeza mutu, komabe anati ndi nkhanza za anthu ophunzira.

Anadzalanso. Ulendo uno Everlyn anawapatsa kapu yoyezera, kuti ndowa khumi zoyenera kumwa azithirira okha. Zofiirazo a Silvestre anazifulatira ndi mpando womwe, ndipo ankati akamadutsa pafupi nazo amayang'ana kumwamba, akuimba mluzu.

Pofika tsiku lachisanu ndi chinayi, masamba a chimanga anali atapindika ngati ndudu, ndipo pamene madzi anabwera milungu iwiri itatha, chambiri sichinadzukenso. Mapira a m'ndowa zofiira, amene mbewu yake Everlyn anapempha m'nkhokwe ya a Alzira, akazi a a Silvestre, anafota nawo, koma atamwa anatambasuka mmawa mwake.

A Silvestre anazungulira mudzi wonse kuuza anthu kuti za mapirawo iwo ankadziwa kale. Opempha mbewu anachuluka pakhomo mpaka a Alzira anawaletsa amuna awowo kupita kumsika sabata yathunthu, kuopa kuti angakaitane ena nkhokwe n'kutha.