Mlongo Wanga pa Pepala

"Ketulo iyi ili ndi khosi la munthu," anatero a Stanislaus, aphunzitsi athu a zojambula, atakweza pepala langa kuti kalasi yonse ione. "Ndani anaonapo ketulo yamanyazi chonchi?"

Onse anaseka. Jemimah, mtsikana amene ankakhala pafupi ndi zenera, anasekanso, osadziwa kuti khosilo linali lake. Chilowereni changa m'koleji ija ku Kitwe, chilichonse chimene ndinkajambula chinkatuluka chofanana naye. Botolo linkakhala ndi mapewa ake. Ngakhale njerwa inkaoneka ngati ikufuna kumwetulira.

"Mwaice," anatero a Stanislaus m'Chibemba, kutanthauza kuti mwana iwe, kenaka n'kutembenukira ku Chinyanja kuti zindilowe bwino, "dzanja lako likuthamanga kusiya diso kumbuyo. Ukujambula za m'mutu mwako. Ine ndikufuna za patebulopo."

Anandiimiritsa. Anandiuza kuti nditambasule mkono wonse, ndigwire pensulo choimika, nditsinzine diso limodzi, ndiyeze kutalika kwa ketulo ndi chala chachikulu, kenaka ndiyerekeze ndi mulifupi mwake. Ndinachita monyinyirika. Ine ndinali nditangomaliza Giredi 12 ndipo ndinabwera kudzajambula dzuwa likulowa kuseri kwa phiri lakuda la zotsalira za mgodi, anthu n'kumaima pamsewu kufunsa kuti wajambula ndani. Za maketulo sindinkazifuna.

"Lolemba aliyense abwere ndi munthu wa kunyumba kwawo," anatero pomaliza. "Woimirira, kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Osamukongoletsa. Ngati ali ndi mphuno ngati mbatata, ndikufuna mbatatayo."

Loweruka masana, kwathu ku Buchi, ndinapeza mlongo wanga wamkulu Zipporah akuyanika yunifolomu yake ya kwaya. Ndiye ankayambitsa nyimbo ku tchalitchi kwathu, ndipo mawu ake ankamveka mpaka pamalo okwerera minibasi.

"A Zipo, imani pomwepo. Musasunthe."

"Iwe Jordan, ndili ndi ntchito. Kajambule nkhuku."

"Nkhuku siima. Ten minitsi chabe."

"Ten minitsi yako ndimaidziwa. Ndipo ukandipatsa nkhope ya kamtsikana kako kaja, ndikuthira madzi a sopo awa."

Anaima pafupi ndi mtengo wa gwafa, dzanja limodzi kumsana, maso ali kumsewu. Ndinatambasula mkono, n'kutsinzina diso. Kwa nthawi yoyamba ndinachita zonse monga anatiphunzitsira. Ndinayeza mutu, n'kuona kuti ukulowa kangati m'thupi lonse. Ndinatsitsa mzere woongoka kuchokera kukhutu mpaka kuchidendene, ndipo ndinapeza kuti mapewa ali kumbuyo kwa mzerewo, pamene chitenje, chomwe anamanga m'mwamba kwambiri, chinatulukira kutsogolo. Ndinaganiza kuti ndalakwitsa. Ndinafufuta, n'kuyezanso. Mzere unabwerera pomwe paja.

Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Pa pepala panali munthu weniweni, wolemera, woponda pansi, ndipo munalibe Jemimah ngakhale pang'ono. Sindinadzifunse kuti mzere wopindikawo ukutanthauza chiyani. Ndinkangoona a Stanislaus akukweza pepala langa Lolemba, ulendo uno popanda woseka, Jemimah akutembenuka kundiyang'ana.

"Watha? Bwera nacho ndione," anatero Zipporah akudziwongola.

"Ayi, mpaka ndiike mithunzi."

"Iwe, nkhope ndi yanga!"

Ndinathawira m'nyumba ndikuseka. Iye anabwerera ku zochapa zake.

Atate anafika dzuwa litapendeka, akukankha njinga, manja ali bii ndi ntchito yowotcherera zitsulo. Iwo sankakondwa ndi maphunziro angawa. Ankati mwana wamwamuna aphunzire za magetsi kapena za makina, osati kukanda mapepala. Tsono atangokhala pampando wawo pakhonde, ndisanawalole n'komwe kusamba, ndinawaikira pepala pamwendo.

"Onani, atate. Onani zimene tikuphunzira."

Kwathu bambo sayang'anitsitsa mwana wake wamkazi akakula. Zipporah akabweretsa madzi ankagwada chapambali, atate n'kumayang'ana manja awo kapena kumpanda. Ankamudziwa ndi mawu komanso mgugu wa mapazi ake. Koma pepala si mwana wamkazi. Pepala analiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumutu, kutsika pang'onopang'ono, n'kuima pakati.

"Izi wajambula ndi zimene unaona?"

"Zenizeni, atate. Sindinawonjezere kanthu. Ndinachita kuyeza kawiri."

Ndinayankha monyada, chifuwa chili patsogolo. Atate anapukuta chala pa thalauza, n'kuchiyendetsa pa mzere uja osaukhudza.

"Amako ankaima chonchi," anatero motsitsa. "Ali ndi pathupi pa iwe. Kaitane amako."

Pamenepo m'pamene ndinaona chimene ndinajambula.

Amama anabwera akupukuta manja. Anangoponya diso kamodzi pa pepala, kenaka anandiyang'ana ine. Sanadabwe. Iwo ankadziwa kale.

"A Phiri, khazikani mtima," anatero atakhala pansi. "Akwawo kwa Timothy, mnyamata wa ku Twapia uja, akubwera mwezi ukatha. Tinati ayambe afika, nkhani ya ukwati iyambike, ndiye tikuuzeni zonse pamodzi."

"Mwezi ukatha," anabwereza atate. "Ndipo mawa akaime kutsogolo ayambitse nyimbo, ine ndili pa benchi ya akulu a mpingo?"

"Ndani akudziwa? Yunifolomu ija ndinaikulitsa."

"Ine ndikudziwa tsopano. Mwana wa a Barnabas ndinamuimitsa kwaya ndine, ndi pakamwa pangapa, bambo ake akulira. Wanga ndimubise?"

Ndinalowerera. "Atate, mwina ndalakwitsa. Ndine wophunzira chabe. Aphunzitsi amanena tsiku lililonse kuti sinditha kuyeza. Bweretsani ndifufute."

Ndinatambasula dzanja. Atate anasuntha pepala.

"Wangondiuza kuti unayeza kawiri. Usayambe kunama chifukwa cha ine."

Zipporah anali ataima pakona ya nyumba, beseni lili m'manja. Sindikudziwa kuti anamva kuyambira pati. Analiika pansi bwinobwino, n'kubwera kudzagwada patali pang'ono, monga mwa nthawi zonse. Atate anayang'ana kumpanda.

"Ndi zoona, mama?" anafunsa mwana wawoyo.

"Ndi zoona, atate."

Panalibe kukalipa. Bwenzi zitandipepukira akanakalipa. Atate analowa m'nyumba ndi pepala lija, amama n'kuwatsatira. Tinatsala awiri pakhonde, madzi a yunifolomu akudontha pachingwe.

"A Zipo, sindinadziwe. Ndikulumbira."

"Ndikudziwa kuti sunadziwe. Iwe umadziwa chiyani?" Anadzuka movutikira, akugwira khoma. "Ndinakupempha kuti ndione, Jordan. Bwenzi utandionetsa ine poyamba."

Anakachotsa yunifolomu pachingwe isanaume, n'kuipinda yonyowa yomweyo.

Mawa lake akulu a mpingo anakumana mapemphero asanayambe. Tinalowa mochedwa, ine ndi amama ndi Zipporah, iye atavala diresi wamba. Sanapite kutsogolo kumene kunali anzake a kwaya. Anakhala pa benchi yakumbuyo, pafupi ndi khomo, pamene pamakhala amayi a ana olira. Mitu inayamba kutembenuka. Amama anakhala naye, msana uli chilili. Ine ndinasowa kolowera, ndipo ndinakapezeka kumbali, kuseri kwa benchi ya akulu.

Nthawi ya zolengeza, mkulu wina anafuna kuimirira, koma atate anamugwira mkono. Anaimirira okha. Anatchula dzina lonse la mwana wawo, n'kunena kuti waimitsidwa kwaya ndi mgonero kufikira bwalo la mpingo lidzaonenso nkhani yake. Mawu awo sanagwedere. Anakhala pansi.

Kwaya inadzuka. Panapita kanthawi onse akuyang'anana, popeza panalibe amene anazolowera kuyambitsa. Kenaka kamtsikana kena kanayamba, mokweza kwambiri, ndipo azibambo anavutika kukatsatira.

Atate anatsegula buku lawo la nyimbo. Pomwe ndinakhalapo ndinkaona pamwamba pa phewa lawo. Pakati pa masamba panali pepala langa, lopindidwa mosamala m'munsi mwa mapewa, kotero kuti panatsala nkhope yokha, ikuyang'ana kumsewu. Mpingo wonse unkaimba. Atate sanatsegule pakamwa. Anagwira m'mphepete mwa pepalalo ndi chala chawo chakuda chija, n'kumuyang'ana mwana wawo mpaka nyimbo inatha.